Mijigo Yamchere ndi Ntchito ya a Mwakalinga

Ntchito yoyamba, ku Zomba

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza ndizisiya, mwazimva kokwanira kwa azakhali anu, amene amazikometsera kuposa momwe zinalili. Ndiyambira pamene ndinalowa ntchito ya boma, chifukwa mpamene ndinayamba kukhala mayi amene inu mukumudziwa, wovuta uja, wofunsa chinthu chimodzi kawiri. Ndinalembedwa m'nthambi yaing'ono imene ntchito yake inali kuyendera zitukuko zimene aphungu avomereza ku nyumba ya malamulo, n'kulemba malipoti onena ngati zikuthandizadi anthu kapena ayi. Anthu ankatitchula maodita, ngakhale ife sitinkafufuza mabuku a ndalama monga anzathu ena. Mafunso athu anali ena. Sukulu munamanga ija, ana akuphunziramo? Mlatho uja, ngolo ikuwoloka? Malipoti athu ankapita ku komiti ya aphungu, ndipo tinkauzidwa kuti kumeneko amawerengedwa.

Bwana wanga woyamba anali a Jere, bambo wamfupi wosuta fodya, amene ankakubwezera lipoti osalitsegula akakayika kuti walilembera pa desiki. "Mayi Banda," ankatero akuyang'ana pansi, "nsapato zanuzo zayera bwanji? Mwati mwachokera kumudzi, nanga fumbi la kumudziko lili kuti?" Tinkawaopa, tinkawanena kumbali, koma mwa mabwana onse amene ndinadutsamo, amene ndimawasowa ndi iwowo. Anandiphunzitsa kuti chinthu usanachilembe uchione ndi maso, uchigwire, ngati n'cholowa m'kamwa uchilawe. Chimene sanandiphunzitse ndi chochita ukalemba zoona koma wozimva palibe. Anamwalira ine ndisanadziwe kuti funso limeneli lilipo.

Karonga, chaka choyamba

Ku Karonga ndinapita ndili kale mayi wa ana awiri. Akuluakulu anaganiza zoti m'maboma ena muzikhala woyendera mmodzi wokhazikika, m'malo moti tizichokera kulikulu nthawi zonse, ndipo dzina langa linagwera kumpoto. Bambo anu anatsala nanu ku Lilongwe, kumene tinali titasamukira kuchoka ku Zomba, chifukwa cha uphunzitsi wawo. Ndinatsika basi pa Boma dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti majuzi amene ndinanyamula ndinangodzivutitsa nawo. Anthu anandilandira bwino. Ndikalowa m'chipinda ankasiya Chinkhonde kapena Chitumbuka n'kuyamba Chichewa chifukwa cha ine, ndikatuluka n'kubwerera ku chawo, ndipo poyamba ndinkaganiza kuti akundinena. Patapita nthawi ndinazindikira kuti analibe nane ntchito kwenikweni, zimene zinandipweteka kuposa kunenedwa.

Anandipatsa desiki m'ofesi yoyendetsa zitukuko, imene mkulu wake anali a Kamwendo, mnzanga wa kuchigawo chapakati, munthu wa mawu ofewa ndi malaya osita bwino. Misala ya dongosolo lathu inali apa. Ntchito zimene ndinatumidwa kuyendera zinali za a Kamwendo, koma galimoto, mafuta, mapepala, ngakhale kiyi wa kuchimbudzi, zonse ndinkapempha kwa a Kamwendo omwewo. Lipoti langa lililonse linkayenera kudzera kwa iwo kuti aikepo ndemanga lisanapite kulikulu. Mafuta ankasowa nthawi zonse, koma ankasowa kwambiri ndikatchula mudzi umene iwo sankafuna kuti ndifikeko. Magetsi ankazima akafuna, mapepala tinkalemba mbali zonse ziwiri, ndipo inki ikatha tinkagwedeza botolo lake ngati mwana wofuna shuga wotsalira m'paketi.

Kompyuta yolumikizidwa ku intaneti inali imodzi, ndipo adiresi ya imelo inalinso imodzi, ya ofesi yonse. Inkakhala m'chipinda cha makalata, kwa a Msiska, kalaliki wachikulire amene anakulira m'malamulo akale akuti kalata iliyonse yolowa m'ofesi ya boma imadindidwa, imaikidwa m'fayilo, n'kupita pa tebulo la bwana. A Msiska sanali munthu woipa. Imelo ankaiona ngati kalata imene yangobwera yopanda envulopu, ndipo akaipeza ankaisindikiza, n'kuidinda, n'kuipititsa kumene makalata amapita.

Pa msonkhano wina ku Lilongwe, mlendo amene anabwera kudzatiphunzitsa anatiuza za gulu la pa imelo la anthu a ntchito ngati yathu, oyendera zitukuko ndi maodita ogwirira ntchito nyumba za malamulo m'maiko osiyanasiyana. Unkalemba kalata imodzi ku adiresi imodzi, iyo n'kufika kwa onse a m'gululo, ndipo wina akayankha, yankho lake linkafikanso kwa onse. Ndinalembetsa ndi adiresi ya ofesi, popeza ina ndinalibe. M'mawa uliwonse ndinkalawirira a Msiska asanafike, ndinkawerenga za gulu, kuyankha, n'kuzifufuta, kuti mkuluyo asamalize inki yathu ndi nkhani zosamukhudza.

Sindikudziwa ngati mungamvetse chimene gulu limeneli linali kwa ine. Pa ntchito yanga ndinali ndekha m'boma lonse, woti ndimufunse nzeru panalibe, ndipo madzulo ndinkabwerera ku nyumba yopanda mwana wolira. Koma m'gulumo munali anthu odziwa chimene chikundivuta ndisanamalize kufotokoza. Munali mayi wina wa ku Canada amene ankayankha funso lililonse moleza mtima, ngakhale lopusa. Munali bambo wa ku Uganda wanthabwala, amene ankayamba kalata iliyonse ndi kudandaula za magetsi, moti ndinkamuona ngati mlongo wanga. Anthu amenewa anandiphunzitsa kafunsidwe ka mafunso kosamuika munthu mawu m'kamwa, ndi kasankhidwe ka midzi yoyendera kuti wina asadzati unasankha dala yoipa. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti usatchule dzina la munthu, la malo kapena la ofesi. Unkangoti boma lina, wogwira ntchito wina. Nthawi zina ndinkaseka ndekha ndikawerenga wina akudandaula kuti komiti ya kwawo yachedwa kukambirana lipoti lake ndi milungu ingapo, ine n'kumati koma kunja kuli maiko. Komabe kuwerenga zotere tsiku ndi tsiku kumamulowa munthu. Ndinayamba kudziona ngati mmodzi wa iwo, ndi kukhulupirira kuti nanenso kwinakwake kuli aphungu amene akudikira zimene ndalemba.

Chaka chachitatu, nyengo yotentha

Ndinatumidwa kukayendera mijigo imene inakumbidwa m'midzi ya kumtunda kwa Mwenilondo. Pa mapepala ntchito inali yotheka. Mijigo yonse inakumbidwa, yonse inkatulutsa madzi, ndipo m'fayilo munali zithunzi za amayi akupopa akumwetulira. Galimoto inalibe mafuta monga mwa masiku onse, ndipo a Kamwendo anati ndisadzivutitse ndi dzuwa, ndingolemba kuchokera m'mafayilo. Ine wophunzitsidwa ndi a Jere ndinakana, n'kupempha a Mwakalinga kuti azindikweza akamapita ku ntchito yawo.

A Mwakalinga anali mlangizi wa za madzi wa dera limenelo, mbadwa ya komweko, wa ntchito ya kontirakiti yosainidwa chaka ndi chaka. Anali ndi njinga yamoto ya ofesi imene ankaitcha pikipiki, ndipo ankayendetsa akulankhula, akutembenuka kuti aone ngati ndamva, moti pofika m'mudzi woyamba ndinali nditamaliza mapemphero onse amene ndimawadziwa. Ankakonda nkhani za mpira, ankaopa mabwana, ndipo analibe ganizo loulula kanthu kalikonse. Linaulula ndi ludzu langa. Titaima pa mjigo wina watsopano, wopaka utoto bwino, ndinapopa n'kutchera manja.

"Yayi, Mama, musamwe!" anakuwa.

Ndinali nditamwa kale. Ndinalavula. Madziwo anali amchere, owawa kukhosi, osamezeka.

A Mwakalinga anaseka mpaka kutsamira pikipiki yawo. "Pole, pepani Mama. Amenewa ngosambira mapazi basi. Olo ng'ombe zimangonunkhiza n'kutembenuka."

"Nanga anthu akumwa kuti?"

Anasiya kuseka. "Kumtsinje, komwe ankamwa kale."

Ndipamene ndinayang'ana bwino pozungulira. Pa mjigo wa m'mudzi pamakhala matope, zidebe pamzere, amayi akukangana. Apa panali udzu wouma mpaka m'mphepete mwa simenti.

"Yotere ilipo yambiri?" ndinafunsa.

"Mama, ine ndine wa kontirakiti."

"Sindinafunse za kontirakiti, a Mwakalinga."

Anakanda m'mutu. "Yambiri chomene. Okumba aja anafulumira, madzi sanayeze. Ife tinanena pa mitingi, anatiuza kuti ntchito yathu ndi kuona ngati mjigo ukutulutsa. Ukutulutsa, si mwaona nokha? Koma chonde Mama, dzina langa lisalowemo. Ndili ndi ana kusukulu."

Ndinawalonjeza kuti sililowamo. Masiku otsatira anandizungulitsa midzi yonse. Ndinalawa mjigo uliwonse mpaka m'mimba munandipotokola, ndinacheza ndi amayi kumtsinje, ndinamva kwa anamwino a pa chipatala chaching'ono kuti ana akutsegulabe m'mimba mvula ikayamba, chimodzimodzi kale mijigo isanabwere. Nditakhala pansi kuti ndilembe ndinagwira njakata. Chikalata cha ntchitoyo chinkati cholinga ndi mijigo yotulutsa madzi, ndipo madzi ankatulukadi. Ndinachita zimene ndinazolowera, ndinafunsa gulu. Ndinalemba kuti m'boma lina mijigo yakumbidwa ndipo ikutulutsa madzi, koma amchere, anthu sakumwa, ndiponso kuti wogwira ntchito wina wa m'deralo, amene anandiyendetsa pa njinga yamoto, akuti nkhaniyi inanenedwa kale koma sinamveke. Ndinafunsa ngati ntchito yotere ndiilembe kuti yatheka kapena yalephera, ndi momwe ndingaikire umboni. Lamulo la gulu ndinalitsata lonse, sindinatchule dzina, mudzi ngakhale boma.

Mwezi wotsatira

Madzulo a tsiku lomwe ndinatumiza funsolo kunabwera uthenga woti agogo anu, mayi anga, atisiya ku Dedza. Ndinanyamuka m'mawa mutu uli ku maliro, za imelo osazikumbuka n'komwe, ndipo ndinakhala kumudzi mpaka zonse za mwambo zitatha. Nthawi yonseyo anzanga a m'gulu ankandiyankha ndi mtima wonse, ndipo a Msiska ankagwira ntchito yawo mokhulupirika.

Nditabwerera, a Kamwendo anandiitana. Anayamba ndi kundipepesa maliro, kufunsa kuti mayi anadwala chiyani, ulendo ndinayenda bwanji. Kenako anatsegula fayilo. Munali mayankho onse a gulu, lililonse lili ndi chidindo cha ofesi pakona, ndi funso langa litabwerezedwa m'munsi mwake. Pamwamba panali la mayi wa ku Canada uja, amene analemba kuti umboni wa mnzanga wa njinga yamoto ndiwo wamphamvu, choncho ndimuteteze kwambiri kuti asadziwike. A Kamwendo anali atajambula mzere wofiira pansi pa mawu amenewo.

"Mayi Banda, anzanuwa ndi anthu anzeru," anatero mofatsa. "Akuti munthuyu asadziwike. Tandiuzani, kudera kuja alangizi a za madzi okhala ndi njinga yamoto alipo angati?"

Analipo mmodzi. Lamulo lobisa maina lija linapangidwa ndi anthu a m'maiko momwe ofesi imodzi mumakhala anthu odzaza mabasi, kumene ukati wogwira ntchito wina, munthuyo amasoweradi m'chigulu. Kwathu kuno ukangoti wina wa njinga yamoto, ngakhale mayi wogulitsa mandasi pa geti akuuza dzina lake, la mkazi wake, ndi mpingo umene amapemphera.

"Ine sindikukuletsani ntchito yanu," anapitiriza. "Lembani kuti mijigo yakumbidwa ndipo ikutulutsa madzi. Limenelo ndi bodza?"

"Si bodza, bwana, koma anthu sakumwa."

"Za kukoma kwa madzi si za lipoti lino, tidzaziona m'gawo lachiwiri la ntchito." Anatseka fayilo ija n'kutsegula ina. "Makontirakiti a chaka chamawa ndi awa. Ya a Mwakalinga ndi iyi, ikudikira kuti ndisaine. Munthu wotulutsa nkhani za m'ofesi mpaka kukafika nazo kwa azungu, ine ndimusunga bwanji? Koma lipoti lanu likakhala lofatsa, ndiye kuti palibe chatuluka, nanenso palibe chimene ndaona. Mukaganize, mayi. Mwangochoka pa maliro, musafulumire."

Ndinatuluka nditakwiya kwambiri. Woyamba kukumana naye anali a Msiska, ndipo ndinawakalipira ngati mwana. Anangondiyang'ana modabwa. "Mama, kalata ikabwera ine ndimadinda," anatero. "Ndikanaibisa, bwenzi mukuti ndaba kalata ya boma." Ankanena zoona, ndipo zimenezo zinangondiwonjezera ukali.

Ndinapita kukashopu ka intaneti pafupi ndi msika, ndinatsegula adiresi yangayanga, n'kulifotokozera gulu zimene zachitika. Mayankho anabwera msanga. Mayi wa ku Canada anapepesa m'kalata yaitali, n'kundilangiza kuti ndikaonane ndi loya wa nthambi yathu. Ena ananditumizira malamulo a ntchito yathu onena kuti woyendera sasintha zimene wapeza chifukwa choopsezedwa. Ambiri anati ndilitumize lipotilo molunjika ku komiti, chifukwa likangofika pamaso pa aphungu, bwana aliyense amaopa kumukhudza mboni. Ife loya wa nthambi tinalibe, koma zinazo zinkamveka zanzeru. Bambo wa ku Uganda yekha ndiye anandilembera pambali, osadzera m'gulu, ndipo tsiku limenelo analibe nthabwala. Anati mlongo wanga, zoterezi zinandichitikirapo, lipotilo sadzaliwerenga, sunga ntchito ya munthuyo. Ndinapsa naye mtima. Ndinamuona ngati munthu wotopa amene akufuna kuti tonse titope naye limodzi.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita kwa a Mwakalinga, chifukwa ntchito imene inali pa tebulo inali yawo, osati yanga. Akazi awo anandiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango n'kundibweretsera mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, koma nkhope yawo inali yomanga.

"Ndamva kale, Mama," anatero a Mwakalinga ndisanayambe. "Kiyi wa pikipiki atenga, akuti ikufunika sevisi."

Ndinawafotokozera zonse osabisa, za imelo, za chidindo cha a Msiska, za njira ziwiri zimene bwana anandipatsa. Anamvetsera akuthyolathyola kamtengo.

"Ndifunse chimodzi," anatero. "Mukatumiza, aphungu akawerenga, adzabwera kudzakumbanso?"

"Akawerenga sangakhale chete. Komiti imaitana anthu kuti akayankhe."

"Koma adzawerenga?"

"Adzawerenga," ndinatero. Ndinkakhulupirira ndi mtima wanga wonse. Ndinali nditatha zaka ndikuwerenga m'mawa uliwonse za makomiti amene amawerenga.

Akazi awo analankhula kanthu m'Chinkhonde, mwaukali, akulowera kukhitchini. Mawu ake sindinawamve koma tanthauzo ndinalimva. A Mwakalinga anatembenukira kwa ine.

"Mlongo wanga amatunga kumtsinje komwe kuja," anatero. "Basi tumizani, Mama. Kyala aliko." Kyala ndi Mulungu m'chilankhulo chawo.

Lolemba ndinatumiza lipoti kulikulu momwe linalili, pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene silinadzere kwa a Kamwendo. Chaka chitatha, makontirakiti ena onse anasainidwa kupatula ya a Mwakalinga.

Zaka zodikira

Ndinadikira. Likulu linayankha kuti lalandira. Kenako anati lipoti lili pa mzere. Kenako anati komiti sikukumana nyengo ino. Kenako kunabwera chisankho, aphungu atsopano, komiti yatsopano, ndi kalaliki watsopano amene anandifunsa pa foni kuti, "Mwati lipoti la chiyani, mayi?" Ndinatumizanso lipoti lomwelo. Nthawi ina nditabwera kudzakuonani ku Lilongwe ndinakafika ndekha ku ofesi ya komiti, ndipo mtsikana wina wachifundo anandifunira m'makabati mpaka analipeza. Linali ndi chidindo chosonyeza kuti linalandiridwa, ndipo masamba ake anali osalala, opanda popindika ngakhale pamodzi. Kalata yokhayo imene inayenda msanga pa nkhani yonseyi inali yondidzudzula ine chifukwa cholumpha bwana, ndipo kuchokera pamenepo sindinakwezedwenso. A Kamwendo anakwezedwa n'kupita kulikulu, ndipo potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awiri. Gawo lachiwiri la ntchito ya mijigo silinabwere.

A Mwakalinga ndinayesa kuwafunira ntchito. Ndinalemba makalata, ndinagogoda m'mabungwe othandiza amene ankagwira za madzi m'bomalo, koma Karonga ndi yaing'ono, ndipo aliyense ankawadziwa kuti ndi aja olankhula. Ndinkawayendera, iwo n'kumandilandira mwaulemu, osafunsa kanthu, koma maso awo ankafunsa. Patapita nthawi ndinakapeza nyumba muli anthu ena, amene anandiuza kuti banjalo linasamukira cha ku Songwe.

A m'gulu anapempha kuti alione lipotilo, ndipo nditachotsamo maina a malo ndinawatumizira. Analiyamikira kwambiri. Mayi wa ku Canada anapempha chilolezo choti aziphunzitsira oyendera atsopano a kwawo, ndipo ndinavomera. Sindikunamizani, tsiku limenelo ndinasangalala, ndinayenda mumsika ngati munthu wapambana mayeso. Mawa lake chisangalalocho chinali chitatha. Gulu nalo linayamba kuzirala pang'onopang'ono. Ena anapuma ntchito, ena anasamukira ku magulu a pa foni, bambo wa ku Uganda anangoti zii, ndipo munkangobwera zolengeza za misonkhano imene ine sindikanatha kupitako. Tsiku lina kalata yanga inabwerera ndi uthenga woti adiresi imeneyo kulibenso.

Anthu a m'gulu lija sindiwada, anali abwino kuposa ambiri amene ndinakhala nawo ofesi imodzi. Koma nzeru zimene ankandipatsa zinali za maiko amene ine sindinkakhalamo, ndipo ine ndinazitenga zonse n'kukaziyesa pa munthu wa kontirakiti wa ana kusukulu. Sindikupepesa kuti ndinalemba zoona, ndipo atandibwezera pa tebulo la a Kamwendo sindikudziwa ngati dzanja langa likanalola kulemba zimene ankafuna. Koma mukandifunsa kuti m'zaka zonse zimene ndinagwira ntchitoyi ndi mudzi uti umene ukumwa madzi abwino chifukwa cha lipoti langa, ndilibe woloza. Zimenezi zimandiwawa kuposa nyamakazi ya m'mawondoyi.

Nditapuma ntchito

Thoko mwana wanga, ukukumbuka kuti pokonzekera chinkhoswe chako ndinaumirira kukagula ndekha zitenje ku Songwe, iwe n'kumati amayi akungofuna ulendo. Unkanena zoona pang'ono. Nditamaliza kugula ndinatuluka ndi mtolo wolemera, ndipo anyamata a njinga zonyamula katundu anandizungulira, aliyense akukoka. Bambo wina wa imvi anawakankha n'kunyamula mtolowo asanandiyang'ane kumaso. Atauika pa kaliyala anadzutsa mutu, ndipo tonse tinangoima.

"Mama Banda," anatero.

"A Mwakalinga."

Anali ataonda, mano ena atachoka, koma kuseka kunali komwe kuja. Anafunsa za inu, za bambo anu, za kumudzi. Ine ndinafunsa za akazi awo, anati alipo, akugulitsa nthochi pa msewu. Ndinafunsa za ana. Anati wamkulu uja anasiyira fomu thuu, anakwatiwa kutsidya kwa malire, enawo akuthandiza kunyamula katundu. Ananena zimenezi akumanga mtolo wanga ndi mphira, osandiyang'ana.

"Nanga kumudzi kuja?" ndinafunsa.

"Kumtsinje komwe kuja, Mama. Mijigo ina anthu anazula zitsulo."

Tinayamba kuyenda kulowera ku siteji ya minibasi, iwo akukankha njinga, ine pambali. Tinadutsa malole oima pamzere, osintha ndalama akutiitana, fumbi lili kobo. Ndinkadziwa kuti funso likubwera, ndipo ndinali ndi nthawi yokwanira yokonza bodza labwino, loti anawerenga koma zinthu zinavuta.

"Mama, ndakhala ndikufuna kudziwa," anatero. "Lipoti lija anawerenga?"

"Aphungu sanawerenge, a Mwakalinga. Ndinakalipeza m'kabati."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Olo munthu mmodzi?"

"Anawerenga ndi anzanga a pa imelo aja. Anati linalembedwa bwino kwambiri. Ena ankaphunzitsira anthu kwawo."

"Kwawo kuti?"

"Kutali. Maiko akunja."

"Oho," anatero. Anaimitsa njinga kuti lole idutse, n'kupukuta thukuta ndi chipewa. Analibe mkwiyo m'mawu, ankangofuna kuti amvetse bwino, monga munthu wobwereza malangizo a dokotala. "Ndiye kuti ine ntchito inandithera kuti anthu a kunja aone kuti Mama Banda amalemba bwino."

Kondakitala anali akuitana a Karonga Boma, ndipo a Mwakalinga anamasula mphira, n'kusenza mtolo wanga kukaulowetsa okha pansi pa mpando.

"Kwerani, Mama," anatero. "Khalani mbali iyi, uko kuli dzuwa."